Mavitamini ndi michere yowonjezera: tisankhe za kusikelo, za ku famase, za otsatsa kapena za m'mbale?

Munthu akafooka kwa masabata angapo, mutu n'kumamuwawa, akakwera kachitunda mtima n'kumagunda kwambiri, achibale sachedwa kunena kuti, "Magazi achepa amenewo, mugule mavitamini." Amanena mwachikondi, ndipo nthawi zina amakhala akulondola. Mutu umaima munthu akayamba kufunafuna. Ku famase mashelefu adzaza mabotolo, ena a mibulu, ena amadzi, ena oponya m'kapu n'kumachita thovu. Pa WhatsApp mnzanu wa kutchalitchi akutsatsa zochokera kunja zimene akuti zimatsuka magazi ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Pamsika pali ufa wa chammwamba. Kusikelo nakonso amapereka mibulu yaulere, imene ambiri timaiderera chifukwa choti sitinatulutse ndalama.

Njira zimenezi sizofanana, ndipo mtengo wake sungatiuze kuti yothandiza ndi iti. Tisanafunse kuti botolo labwino ndi liti, tiyambe tafunsa kuti amene akufuna kumwayo ndi ndani ndipo thupi lake likusowa chiyani. Mayi woyembekezera, mwana amene akutsekula m'mimba, bambo amene ali pa ma ARV ndi mtsikana amene akugwira ntchito ku Manchester sangathandizidwe ndi botolo limodzi.

Chimene chikusowadi m'matupi mwathu

Kuno ku Malawi nkhaniyi idafufuzidwa. Mu 2015 ndi 2016 kudachitika kafukufuku woyeza magazi ndi mkodzo wa anthu m'dziko lonse pofuna kuona mavitamini ndi michere imene ikusowa. Vitamini A, amene mu 2001 ankasowa mwa ana aang'ono 59 pa 100 alionse, adapezeka kuti akusowa mwa ana pafupifupi 4 okha pa 100 alionse. Izi zidadza patapita zaka zambiri ana akudonthezeredwa vitamini A kusikelo, komanso vitaminiyu atayamba kuthiridwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Koma zinki, amene sitimutchula n'komwe pocheza, adapezeka kuti akusowa mwa anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse, ana ndi akulu omwe. Ayironi, mchere wofunika popanga magazi, ankasowa mwa ana aang'ono 22 pa 100 alionse.

Kafukufuku wina wa nthawi yomweyo, woona za umoyo ndi chiwerengero cha anthu, adapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka 5 komanso amayi 33 pa 100 alionse anali ndi magazi ochepa. Mayezedwe a m'makafukufuku awiriwa anali osiyana, komabe uthenga wake ukumveka: kuchepa kwa magazi sikuti nthawi zonse kumadza chifukwa chosowa ayironi. Malungo, njoka zam'mimba, likodzo, HIV, matenda a sickle cell ndi kutaya magazi ambiri posamba, zonsezi zimachepetsa magazi.

Palinso seleniyamu, mchere wina umene thupi limafuna. Ofufuza a ku LUANAR pamodzi ndi anzawo a ku University of Nottingham adasonyeza kuti m'madera ambiri a dziko lino chimanga chimatulutsa seleniyamu wochepa chifukwa cha mtundu wa dothi, pomwe cha kuchigwa cha Shire chimakhala naye wambiri. Choncho munthu amene wagula botolo lodula lodzaza vitamini A, C ndi E akhoza kukhala kuti wagula zimene thupi lake silikuzisowa, n'kusiya zimene likulira.

Za kusikelo ndi kuchipatala

Njira iyi ndaiika patsogolo chifukwa ndi imene umboni wake uli wolimba kuposa zonse, ndiponso m'zipatala za boma salipiritsa.

Tiyambe ndi amayi oyembekezera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi wapakati azimwa ayironi wokwana 30 mpaka 60 mg ndi foliki asidi wokwana 0.4 mg tsiku lililonse mpaka atachira. Ndi zimene zili m'mibulu yowonjezera magazi imene anamwino amapereka kusikelo. Ayironi amathandiza kuti mayi afike pa tsiku lochira ali ndi magazi okwanira, chifukwa mayi amene wafika ku leba magazi ali ochepa kale, akataya ngakhale pang'ono moyo wake umakhala pachiswe. Foliki asidi ntchito yake yaikulu imachitika m'masiku 28 oyambirira a mimba, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikupangika. Akasowa nthawi imeneyo, mwana akhoza kubadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, ndipo ambiri mwa ana otere amadzakhalanso ndi vuto la madzi m'mutu. Apa m'pamene mwambo wathu wobisa mimba ikadali yaing'ono umatipweteka. Mayi amene wayamba sikelo pa miyezi 5 apindula ndi ayironi, koma nthawi imene foliki asidi amafunika kwambiri idadutsa kale. Kugona pakati n'kuyambirira: mayi amene akukonzekera kutenga pakati ayambe kumwa 0.4 mg asanaime n'komwe, ndipo ngati kuchipatala sanamupatse, awa ndi amodzi mwa mapiritsi ochepa amene ndinganene mosakayika kuti ndi oyenera kugula.

Pogula, yang'anitsitsani mlingo. M'mafamase mumapezeka kwambiri foliki asidi wa 5 mg, amene ndi wochuluka kuposa kakhumi poyerekeza ndi wa 0.4 mg. Mlingo waukuluwu umafooketsa mphamvu ya Fansidar amene amayi apakati amapatsidwa kusikelo kuti atetezeke ku malungo. Alipo amayi amene adokotala amawalembera 5 mg pa zifukwa zapadera, monga amene adaberekapo mwana wa vuto la msana, koma chimenecho n'chiganizo cha adokotala amene akudziwa mankhwala ena onse amene mayiyo akumwa.

Dandaulo limene amayi ambiri amapereka ndi loona: mibulu ya ayironi imachititsa nseru, imadzimbitsa, ndipo chimbudzi chimada. Kuda kwa chimbudziko sikoopsa. Nseru imachepa ngati mayi akumwa atadya kapena pokagona. Chimene chimawononga kwambiri ndi kumwera tiyi, chifukwa tiyi ndi khofi zimamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe m'magazi. Mkaka nawonso umalepheretsa. Mwerani madzi, ndipo ngati pali gwafa, lalanje, bwemba kapena madzi a malambe pafupi, vitamini C wa m'zipatsozi amathandiza ayironi kulowa. Tiyi abwere patapita ola limodzi kapena awiri. Mayi amene akulakalaka dothi asangoti ndi zilakolako za mimba, kawirikawiri chimakhala chizindikiro choti ayironi wachepa, ndipo dothilo limamanganso ayironi wochepa amene wadyedwa, osanenanso za mazira a njoka zam'mimba amene angakhalemo.

Mwina mwamvapo za mibulu ina ya amayi apakati yokhala ndi mavitamini ndi michere 15 mu mbulu umodzi, kuphatikizapo ayironi wa 30 mg, foliki asidi, zinki, ayodini ndi seleniyamu. WHO idaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, ndipo kafukufuku akusonyeza kuti imachepetsako chiwerengero cha ana obadwa onyentchera poyerekeza ndi ayironi ndi foliki asidi paokha. Ngati kusikelo kwanu akupereka imeneyi, landirani. Koma musaiphatikize ndi mibulu ina yogula popanda kufunsa anamwino.

Kwa ana, sikelo ili ndi zinthu ziwiri zamtengo wapatali. Choyamba ndi vitamini A wa m'makapisozi, a buluu a 100,000 IU (IU ndi muyeso wa mphamvu ya vitamini) kwa ana a miyezi 6 mpaka 11, ndi ofiira a 200,000 IU kwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 5, kamodzi pa miyezi 6 iliyonse. Mlingo umenewu ndi waukulu, n'chifukwa chake umalembedwa m'buku la kusikelo. Vitamini A amasungika m'chiwindi, satuluka ndi mkodzo, choncho mwana amene walandira kale sakufunikanso wina wogula. Chachiwiri ndi zinki wa mwana wotsekula m'mimba: 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 mg kwa khanda losakwana miyezi 6, pamodzi ndi Thanzi ORS. Makolo ambiri amasiya mwana akangosiya kutsekula pa tsiku lachitatu. Chonde malizani masiku onse, chifukwa zinkiyo amachiritsa matumbo ndipo amachepetsa mpata woti matendawo abwerenso m'miyezi yotsatira. Mwana amene wanyentchera kwambiri asafunidwire botolo la ku famase, apite kuchipatala kumene amapereka chiponde, chimene chili ndi mavitamini ndi michere yoyezedwa kale molingana ndi thupi lofooka.

Kuipa kwa njira iyi tonse tikukudziwa: mizere ndi yaitali, ndipo nthawi zina mankhwala amatha. Akatha, funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti akulembereni dzina ndi mlingo weniweni, mukagule chomwecho basi.

Kugula vitamini kapena mchere umodzi ku famase

Kwa munthu wamkulu amene wayezedwa n'kupezeka kuti akusowa chinthu chodziwika, iyi ndiyo njira yanzeru, ndipo siidula. Mlimi akaona chimanga chachita chikasu pa nthawi yobereketsa amathira urea wokwanira, sagula timapaketi ta feteleza wa mitundu yonse n'kumathira pang'onopang'ono. Thupi losowa ayironi limafunanso ayironi wokwanira kuti magazi abwerere.

Kuyezetsa magazi sikutenga nthawi, amangobaya chala. Akamanena za Hb, imene ndi muyeso wa kuchuluka kwa magazi, kwa mayi wapakati ikatsika pansi pa 11, kwa mayi wina aliyense pansi pa 12, ndipo kwa bambo pansi pa 13, ndiye kuti magazi achepa. Koma musalekere pomwepo, funsani chifukwa chake. Kafukufuku amene adachitika pa ana a magazi ochepa kwambiri ku Blantyre ndi ku Chikwawa, ndipo adasindikizidwa mu 2008, adapeza kuti vutoli limayenderana kwambiri ndi malungo, tizilombo tolowa m'magazi, njoka zam'mimba, HIV komanso kusowa kwa vitamini B12 ndi vitamini A, pomwe kusowa kwa ayironi sikunali chifukwa chachikulu mwa ana amenewo. Pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, kafukufuku wopatsa ana aang'ono ayironi ndi foliki asidi tsiku lililonse m'dera la malungo ambiri adaimitsidwa asanathe, chifukwa ana omwa ayironi ankagonekedwa m'chipatala kuposa anzawo. Kuchokera pamenepo, malangizo ndi akuti m'madera a malungo ana apatsidwe ayironi pamene pali njira zopewera ndi zochizira malungo. Mwana wotuwa m'manja ndi m'maso, makamaka ngati thupi likutentha, ayezedwe malungo kaye asanapatsidwe kanthu kalikonse kowonjezera magazi. Bambo kapena mayi amene adasiya kusamba akapezeka ndi magazi ochepa, adokotala ayenera kufufuza kumene magaziwo akutayikira, chifukwa zilonda zam'mimba ndi khansa ya m'matumbo zimayamba kudziwika choncho.

Mukafika pogula, manambala a pabotolo amasokoneza. Ferrous sulphate wa 200 mg amakhala ndi ayironi weniweni pafupifupi 65 mg. Ferrous fumarate wa 200 mg nayenso ali cha pomwepo. Ferrous gluconate wa 300 mg ali ndi 35 mg yokha, n'chifukwa chake anthu ena amati savuta m'mimba. Choncho poyerekeza mitengo, funsani a mu famase kuti ayironi weniweni ndi wochuluka bwanji mu mbulu umodzi. Ferrous sulphate wamba, wotsika mtengo uja, amagwira ntchito bwino lomwe. Magazi akabwerera m'malo mwake, kawirikawiri amati mupitirize kwa miyezi ina 3 kuti thupi lisungeko.

Pali gulu la anthu limene ndikufuna limve bwino mfundo iyi. Kuyambira mu 2019, ambiri amene ali pa ma ARV kuno ku Malawi amamwa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Ayironi, kashiamu, zinki ndi maginiziyamu zimagwirana ndi dolutegravir m'mimba, mankhwalawo n'kulephera kulowa m'magazi mokwanira. Munthu akhoza kumamwa ma ARV ake mokhulupirika koma tizilombo n'kumachulukabe chifukwa cha botolo la mavitamini limene adagula pofuna kudzithandiza. Lamulo lake ndi loti ma ARV amwedwe maola 2 musanamwe michereyi kapena maola 6 mutaimwa. Ayironi ndi kashiamu akhoza kumwedwa nthawi imodzi ndi ma ARV pokhapokha ngati mukumwa pa chakudya. Mibulu yoyera yotafuna ya chilungulira ija iyenera kutalikitsidwa nthawi zonse. Auzeni a ku kiliniki chilichonse chimene mukumwa, ngakhale chazitsamba. Ayironi amagwirananso chimodzimodzi ndi mankhwala opha tizilombo a ciprofloxacin ndi doxycycline.

Ena ofunika vitamini mmodzi ndi awa. Amene akumwa isoniazid, kaya pochiza kapena popewa chifuwa chachikulu, amapatsidwa vitamini B6 kuti miyendo isachite dzanzi ndi kutentha. Amene akhala pa metformin zaka zambiri chifukwa cha matenda a shuga, B12 wawo akhoza kutsika, monganso okalamba ndi anthu amene sadya nyama, nsomba, mazira kapena mkaka. Ndipo abale athu okhala ku Britain ali ndi nkhani yawo: kumeneko dzuwa la pakati pa Okutobala ndi Malichi silikwanira kupanga vitamini D pakhungu, ndipo NHS, nthambi ya zaumoyo ya kumeneko, imalangiza 10 micrograms za vitaminiyu tsiku lililonse m'miyezi imeneyo, pomwe anthu a khungu lakuda amalangizidwa kuganizira zomwa chaka chonse. Munthu amene amalima kapena kuyenda padzuwa ku Salima sakufunika kutengera malangizo amenewo.

Nanga poti zinki akusowa mwa ambiri, aliyense agule zinki? Ayi. Kumwa woposa 40 mg tsiku lililonse kwa nthawi yaitali kumatsitsa mchere wa kopa m'thupi, ndipo mapeto ake ndi kuchepa kwa magazi komwe timathawako. Vuto la zinki ndi la kadyedwe, ndipo ndibwererako kumapeto.

Mabotolo okhala ndi zonse

Awa ndi amene amagulidwa kwambiri, chifukwa mndandanda wautali wa pabotolo umakhazika mtima pansi. Ali ndi malo ake: agogo amene mano adatha ndipo akudya pang'ono, munthu amene akuchira matenda aakulu, kapena amene akudziwa kuti kwa miyezi ingapo chakudya chake chikhala chamtundu umodzi. Kwa otere, botolo wamba limene milingo yake ili pafupi ndi zimene thupi limafuna pa tsiku ndi lokwanira, ndipo lodula silimaposa lotchipa ngati zolembedwa kumbuyo zikufanana.

Koma sachiza kuchepa kwa magazi. Ambiri amakhala ndi ayironi wa 14 mpaka 18 mg, ena alibiretu, pomwe mbulu umodzi wa ferrous sulphate uli ndi 65 mg. Kashiamu amakhalamo wochepa kwambiri chifukwa wokwanira sangalowe mu mbulu umodzi. Kwa munthu wathanzi amene akudya bwino, umboni woti amatalikitsa moyo kapena kuteteza ku matenda a mtima ndi wofooka. Mu 2022 gulu la akatswiri a ku America lotchedwa US Preventive Services Task Force lidati umboni sukukwanira kuti lilimbikitse mabotolo otere popewa khansa ndi matenda a mtima, ndipo lidalangiza kuti anthu asamwe vitamini E ndi beta-carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A, pa cholinga chimenecho. Chifukwa chake china chidachokera ku Finland, kumene kafukufuku wa amuna osuta fodya pafupifupi 29,000 adapeza mu 1994 kuti amene ankamwa beta-carotene adadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo ndi 18 pa 100. Wosuta fodya awerenge kumbuyo kwa botolo.

Mayi woyembekezera asamwe botolo la anthu wamba. Vitamini A wamtundu wa retinol akaposa 10,000 IU pa tsiku akhoza kulumalitsa mwana m'mimba, ndipo n'zosavuta kufika pamenepo ngati mayi akuphatikiza mabotolo awiri ndi mafuta a chiwindi cha nsomba.

Chenjerani kwambiri ndi mankhwala amadzi amene amatsatsidwa kuti ndi mavitamini opatsa chilakolako cha chakudya kapena onenepetsa. Ena mwa iwo, monga Apetamin, ali ndi cyproheptadine, amene si vitamini koma mankhwala a ziwengo ogonetsa tulo, ndipo akhoza kuvulaza chiwindi. Zimandimvetsa chisoni kuona makolo akumwetsa ana zimenezi chifukwa choti mwana sakudya, pomwe chifukwa chake chingakhale malungo, njoka zam'mimba kapena zilonda zam'kamwa. Jakisoni wa mavitamini ndi diripi yopatsa mphamvu nazonso sizipambana mibulu kwa munthu amene matumbo ake akugwira bwino ntchito. Mkodzo wachikasu kwambiri umene umatuluka mukamwa B complex ndi vitamini B2 wotsala amene thupi likutaya, sichizindikiro choti mankhwala akutsuka m'thupi.

Za otsatsa ndi zazitsamba

Zogulitsidwa kudzera mwa anzathu, zija zoti ukakopa ena kuti alowe umalandirapo kanthu, ndizo zodula kuposa zonse, chifukwa mtengo wake uyenera kudyetsa aliyense amene ali pa mzerewo. Wogulitsayo kawirikawiri ndi munthu wabwino amene akukhulupirira zimene adauzidwa. Koma botolo limodzi likamati limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, kusabereka, khansa ndi HIV, limenelo ndi bodza, ndipo pali anthu amene adasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha malonjezo otere. Palibe vitamini kapena chitsamba chimene chingalowe m'malo mwa ma ARV, insulin kapena mankhwala a BP. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA) ndilo limayang'anira mankhwala ndi mafamase m'dziko muno, ndipo kugula mu famase yovomerezeka kumakupatsani poyambira ngati china chalakwika. Munthu wa pa WhatsApp akazimitsa foni, nkhani yathera pomwepo.

Chammwamba ndi ndiwo yabwino, ndipo mtengo wake ndi woyenera kukhala pakhomo lililonse. Masamba ake ali ndi vitamini A, kashiamu ndi ayironi. Komabe supuni imodzi ya ufa wake ili kutali kwambiri ndi ayironi wa mu mbulu umodzi wa kusikelo, choncho mayi wapakati azidya chammwamba uku akumwa mibulu yake. Chidede ndi masamba a mapeyala owiritsa amatulutsa madzi ofiira, ndipo kufiirako n'kumene kumatikopa. Chidede ndi chakumwa chabwino chokhala ndi vitamini C, koma mtundu wa madzi sukhudzana ndi mtundu wa magazi, ndipo mwana wotuwa amene akumwetsedwa zimenezi kunyumba akuchedwa kufika kuchipatala.

Zakudya zowonjezeredwa ndi za m'mbale

Njira imene imafikira anthu ambiri mwakachetechete ndi ya zakudya zothiridwa mavitamini kufakitale. Mchere wa ayodini ndi umene udachititsa kuti chithokomiro chisamaonekeoneke monga kale, ndipo ayodini ndi wofunika kwambiri pa kukula kwa ubongo wa mwana ali m'mimba. Gulani mchere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, muziusunga motseka, kutali ndi chinyezi. Shuga ndi mafuta ophikira zili ndi vitamini A, ndipo ufa wa tirigu ndi wa chimanga wa kufakitale umathiridwa ayironi, zinki, foliki asidi ndi mavitamini ena. Yang'anani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndi mawu osonyeza kuti awonjezeramo. Izi sizikutanthauza kuti tiwonjezere masupuni a shuga mu tiyi. Ndipo tivomereze kuti mabanja ambiri amagayitsa chimanga chawo kuchigayo cha m'mudzi, kumene sathirako kanthu.

Apa m'pamene nkhani ya zinki ili. Nsima ya ufa woyera idataya michere yambiri pokonola ndi poviika. Mgaiwa uli ndi zinki ndi ayironi wochulukirapo, koma gaga ali ndi zinthu zimene zimamanga michereyi kuti isalowe bwino m'thupi. Chimene chimasintha zinthu ndi ndiwo. Usipa, matemba ndi bonya, poti timadya zathunthu, mutu ndi minga yomwe, zimapereka kashiamu, zinki, ayironi, seleniyamu ndi B12 pakamodzi. Kwa mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo, kusinja nsomba zouma n'kuthira supuni m'phala pamodzi ndi nsinjiro kumachita zambiri kuposa botolo la madzi otsekemera la ku famase. Mazira, chiwindi cha nkhuku, ngumbi ndi ziwala zilinso m'gulu lomweli, ngakhale mayi wapakati asachulutse chiwindi chifukwa cha vitamini A uja. Kuviika nyemba usiku wonse n'kutaya madziwo, komanso kugwiritsa ntchito chimera monga timachitira pophika thobwa, kumachepetsa zomanga michere zija.

Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, khwanya ndi kholowa zili ndi foliki asidi wachilengedwe ndi vitamini A, amene amalowa bwino m'thupi ngati ndiwo zathiridwa kamafuta kapena zatenderedwa. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba ndi therere, koma zimaononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, monganso kuphika masamba nthawi yaitali mpaka kusintha mtundu. Kumunda, mbatata yofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, chimanga cha olenji komanso nyemba za NUA 45 zokhala ndi ayironi ndi zinki wochulukirapo, ndi mbewu zimene mungafunse kwa alangizi a zaulimi.

Malire a njira iyi ndi awiri. Chakudya chimateteza bwino koma chimachedwa kubwezeretsa magazi amene atsika kale, ndipo ayironi amene mimba imafuna ndi wovuta kumupeza m'mbale yokha. Komanso m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsidwa amakhala ovuta kuwakwanitsa. Ngakhale zili choncho, banja limene lili ndi ndalama yochepa ndipo palibe amene wapezeka ndi vuto lodziwika, ndingalilangize kuti ndalama ya botolo igule usipa, mazira ndi mtedza, poti zimenezi zidyedwa ndi nyumba yonse ndipo zimabwera ndi zomanga thupi zimene mulibe mu mbulu uliwonse.

Mukaganiza zogula

Onani tsiku lothera mphamvu, dzina ndi adiresi ya kampani yopanga, komanso ngati chitsekerero chili chosatsegulidwa. Pewani mibulu yoyoledwa m'kapepala kopanda dzina kapena imene yakhala padzuwa pamsika, chifukwa kutentha ndi chinyezi zimaononga mavitamini. Ngati muli kale ndi botolo lina kunyumba, litengeni mukalionetse ku famase kuti asakupatseni vitamini A kapena ayironi kawiri. Odwala impso, amene ali pa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) ndi odwala sickle cell amene amalandira magazi pafupipafupi asayambe chilichonse asanafunse adokotala.

Mibulu ya ayironi isungidwe pamwamba, motsekera, osati m'chikwama kapena pa tebulo la kuchipinda. Yambiri ndi yofiira komanso yoterera, ndipo ana amaiyesa maswiti. Mibulu yochepa chabe ikhoza kupha mwana wa zaka ziwiri. Ngati mwana wameza, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo mutanyamula botolo lake, ngakhale ataoneka kuti wapeza bwino atasanza, chifukwa poizoni wa ayironi amayamba wakhala chete kwa maola angapo kenako n'kuononga chiwindi.